Mpando Wobwereka: Mbiri ya Makomiti a Ongodzipereka ku Mchinji

Achinyamata khumi kapena makumi awiri akagwirizana zomathamanga limodzi m'mamawa, kaya pa Boma la Mchinji, pa Kamwendo kapena pa Kapiri, sipadutsa miyezi yambiri wina asanatchule zoti pakhale komiti. Amafuna wapampando ndi wachiwiri wake, mlembi, msungichuma ndi mamembala angapo othandizira maganizo. Palibe amafunsa kuti mipando imeneyi taitenga kuti, chifukwa ndi yomweyo imene ili kukwaya, kukomiti ya mjigo, kukalabu ya alimi a mtedza ndi pasiteji ya akabaza. Ena amaiona ngati mwambo wongotengera kwa azungu, wopanda phindu pa nkhani ya liwiro, poti mwendo suthamanga ndi mavoti. Ine ndikuti komiti ili ndi mbiri yake m'dziko muno, yopitirira zaka 100, ndipo mbiriyo ikuonetsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza. Magulu amene adakhalitsa ndi amene mamembala adali ndi chawochawo m'thumba la gulu, komanso adali ndi mphamvu yomuuza mtsogoleri kuti nthawi yake yakwana. Magulu amene mipando yawo inkachirikizidwa ndi dzanja lochokera kumwamba, kaya la chipani, la boma kapena la wothandiza wakunja, ankaoneka olimba dzanjalo likadalipo, koma likangochoka nawonso ankabalalika. Kalabu ya othamanga ndi kagulu kakang'ono, koma sikasiyana ndi amenewa.

Mchinji wa lero adayamba ngati linga la asilikali. Atsamunda adalimanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 pofuna kuyang'anira Angoni a Mpezeni, nalitcha Fort Manning potengera dzina la William Manning, msilikali amene pambuyo pake adadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Mu Januwale 1898 asilikali ochokera mbali ino adagonjetsa Angoniwo, Nsingo mwana wa Mpezeni adaphedwa, ndipo dera lonse kuyambira kuno mpaka Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, lidalowa m'manja mwa azungu. Azunguwo adali ndi makalabu awo. Blantyre Sports Club idakhazikitsidwa mu 1896, ili ndi malamulo olembedwa, ndalama ya umembala ndi msonkhano wapachaka, koma munthu wakuda ankalowamo ngati wotchetcha kapinga kapena woperekera zakumwa. Choncho tisaganize kuti makolo athu adaphunzira komiti atakhala pamipando ya m'makalabu amenewo. Njira imene idafika kumudzi idali ina. Anyamata obwerera kuchokera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ena asilikali a King's African Rifles, ena amtengatenga, adafalitsa magule otengera perete wa asilikali: beni kummwera, malipenga kunyanja, mganda kuchigawo chapakati mpaka kutsidya kwa malire. Terence Ranger, amene adatulutsa buku la mbiri ya beni mu 1975, adaonetsa kuti kumbuyo kwa guleyo kudali bungwe. Gulu lililonse, limene m'madera ambiri linkatchedwa boma, lidali ndi kingi wake, akapitawo ake ndi dokotala wake; mamembala ankasonkha ndalama ya makabudula oyera ndi masokosi, ankakonzekera kwa masabata, kenaka n'kuitana boma la mudzi wina kudzapikisana. Wofuna kholo la kalabu ya masewero ya kumudzi ayambe kuyang'ana pamenepo. Zonse zilipo: thupi lochita kuphunzitsidwa, yunifolomu, mpikisano ndi mudzi woyandikana nawo, ndi maudindo amene mnyamata ankawapeza chifukwa cha luso ndi kudalirika kwake ngakhale kwawo kudalibe ufumu.

Ophunzira a kumishoni adadzera njira yawo, ya kope ndi cholembera. M'mipingo ya chipresibateriya, kuphatikizapo wa Adatchi umene udayambira ku Mvera mu 1889, akhristu adazolowera kuona akulu a mpingo ndi atumiki akusankhidwa pakati pawo. Luso limenelo lidatuluka panja pa tchalitchi. North Nyasa Native Association idayamba mu 1912, Levi Mumba ali mlembi wake. Mombera Native Association idatsatira mu 1920, ndipo mu 1927 George Mwase adayambitsa ku Lilongwe bungwe la chigawo chapakati, chigawo chimene Fort Manning adali mbali yake. Aphunzitsi, makalaliki ndi abusa amenewa sankalandira kanthu. Ankayenda pansi kapena panjinga kupita kumsonkhano, ankasonkha ndalama ya mapepala ndi masitampa, n'kulemba zonse zimene akambirana kuti zikafike kwa bwana DC. Zopempha zawo, monga sukulu zabwino ndi kuchepetsa nkhanza potolera msonkho, kawirikawiri zinkangothera m'kabati. Koma kayendetsedwe ka msonkhano kadakhazikika, ndipo mu Okutobala 1944 mabungwewa adagwirizana kupanga Nyasaland African Congress, Mumba yemweyo ali pulezidenti. Congress yoyambayo idali yofooka, yosauka ndiponso yokonda kukangana. Chimene chimandikopa pa iyo n'chakuti inkatha kuchotsa mtsogoleri. Charles Matinga, amene adalowa m'malo Mumba atamwalira mu 1945, adachoka pampando mu 1950 mamembala atadandaula ndi kayendetsedwe ka ndalama, ndipo James Chinyama wa kuchigawo chapakati adatenga malo ake. T.D.T. Banda, mtsogoleri wina wa Congress, naye adaimitsidwa mu 1958 pa nkhani yofanana nayo. Olemba mbiri amakonda kutchula zimenezi ngati umboni wakuti Congress idali yosokonekera. N'zoona, komatu ndi umboninso wakuti osonkha masheleni aja ankadziwa kuti thumbalo n'lawo, ndipo akafunsa ayenera kuyankhidwa.

Mphamvu imeneyi idaperekedwa ndi eni ake omwe, tsiku lake likudziwika. Dr Hastings Kamuzu Banda atafika pa 6 Julaye 1958, msonkhano wa Congress wa ku Nkhata Bay mu Ogasiti udamusankha kukhala pulezidenti, n'kumulolanso kuti anthu a m'komiti yake adzisankhire yekha. Amene adavomereza adali ndi zifukwa zomveka: ankalimbana ndi chitaganya, ndipo mikangano idali itawatopetsa. Koma kuyambira pamenepo mipando idayamba kugawidwa kuchokera kumwamba. Mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi, mu 1971 Kamuzu adakhala pulezidenti wamuyaya, ndipo wapampando amene mwana wa m'zaka zimenezo adakula akumuona adali wa nthambi ya chipani, uja woyang'anira makadi polowera mumsika. Makomiti sadathe ayi, adachita kuchuluka, koma gulu lililonse losonkhana palokha linkakayikiridwa. Bishopu Patrick Kalilombe, amene adatenga dayosizi ya Lilongwe mu 1972, dayosizi imene Kachebere, Guilleme ndi Ludzi zili m'manja mwake, adalimbikitsa miphakati yoti akhristu aziyendetsa okha ndi atsogoleri odzisankhira. Boma lidaona ngati akufesa chipani china m'midzi, ndipo iye adakakamizika kuchoka m'dziko ntchitoyo ili pakati. Masewero nawo adalowa m'khola lomwelo. Malawi adapita ku Olimpiki koyamba ku Munich mu 1972, lamulo lokhazikitsa Malawi National Council of Sports lidabwera mu 1974, ndipo wothamanga waluso ankakulira m'manja mwa sukulu, asilikali, apolisi kapena apayoniya. Kumeneko kudali chakudya, nsapato ndi galimoto yopitira kumpikisano, zimene kalabu ya kumudzi sikadakwanitsa, ndipo tisazinyoze. Koma wothamangayo adalibe chonena pa amene akumuyang'anira, ndipo apayoniya atalandidwa zida mu Disembala 1993, zimene zinkayenda m'dzina lawo zidapita nawo limodzi.

Umboni womveka kwambiri wa mfundo yanga uli m'makalabu a alimi, amene aliyense wa zaka zopitirira 50 kwa Mkanda kapena kwa Mavwere akuwakumbukira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 boma linkapereka ngongole ya feteleza ndi mbewu kudzera m'makalabu, ndipo lamulo lake lidali lakuti mmodzi akalephera kubweza, kalabu yonse silandira chaka chamawa. Makalabuwa adali ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma osankhidwa, ndipo kwa zaka zambiri ngongole yobwezedwa inkapitirira 90 pa 100 iliyonse, moti dziko lino linkatamandidwa kunja. Kenaka kudagwa chilala cha 1992, kudabwera riferendamu ya pa 14 Juni 1993, mphekesera idawanda yakuti ngongoleyo ikhululukidwa, ndipo m'nyengo zochepa chabe dongosolo lonse la SACA, nthambi ya boma imene inkayendetsa ngongoleyi, lidagwa. Mu 1994 adachita kukhazikitsa kampani ina, Malawi Rural Finance Company. Chilala chokha sichingafotokoze zonsezi, popeza mu 1993 chimanga chidachita bwino koma kubweza sikudabwerere m'chimake. Nanga makomiti aja adali kuti? Adalipo ndithu, ndi makope awo omwe. Koma ndalama imene ankalondera sidali ya mamembala, ndipo chimene chinkamudzutsa munthu kukabweza kudali kuopa mlangizi, wapampando wa chipani ndi anyamata obwera kudzamasula mbuzi kapena kuzula chitseko. Mantha atatha, padalibenso china chogwira gululo pamodzi.

Chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chitadutsa, malamulo atsopano a dziko adapereka ufulu wopanga magulu, ndipo ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 idabweretsa makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera a mafumu akuluakulu. Mchinji, amene ali makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku Lilongwe pa msewu watala, adasanduka malo oyeserapo mapulogalamu. Mtukula Pakhomo adayambira kuno mu 2006, ndipo ntchito yowawitsa mutu yoloza mabanja khumi osaukitsitsa pa 100 alionse idaperekedwa kwa makomiti a ongodzipereka osankhidwa pamsonkhano wa mudzi. MaiMwana idayendetsa magulu a amayi okambirana za uchembere, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2013. Ntchito zimenezi zidathandiza anthu enieni. Koma nyengo yomweyi idabalanso wongodzipereka wa mtundu wina, amene amayamba wafunsa ngati kumsonkhanoko kuli alawansi, fanta ndi tisheti. Sindikumuweruza, poti munthu amene wasiya khasu tsiku lathunthu m'mwezi wa Disembala wataya chinthu chooneka. Chimene ndikuloza n'chakuti mpando ukasanduka polandirira zochokera kunja, chisankho chimasintha. Anthu amalimbirana njinga ya pulojekiti, mfumu imayamba kulowetsapo adzukulu, ndipo pulojekitiyo ikatseka, mapepala a kope la komiti amathera kukulungira mandasi.

Wina afunsa kuti, ngati vuto ndi zochokera kunja, bwanji banki mkhonde yakhazikika chonchi pomwe nayo idabwera ndi mabungwe? Funsoli n'loyenera. Njira imeneyi idayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo NASFAM, imene alimi ake a mtedza a ku Mchinji adafika pogulitsa ku Ulaya pa msika wa Fairtrade m'zaka za m'ma 2000, idaphuka pa pulojekiti ya ndalama za ku America. Ndiye kuti kumene nzeru idachokera si nkhani. Nkhani ndi mwini wa zimene zili m'bokosi. Taonani gulu la banki mkhonde lotsata bwino malamulo ake. Amayi 15 kapena 25 akhala mozungulira pamphasa, pakati pali bokosi lachitsulo la maloko atatu. Makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo mwa atatuwo palibe amene amagona ndi bokosilo kunyumba kwake. Owerenga ndalama awiri amayala makwacha poyera n'kutchula chiwerengero mokweza, mlembi amadinda masheya m'kabuku ka aliyense, ndipo sabata yotsatira, bokosi lisanatsekulidwe, mamembala amafunsidwa kuti mudatsala zingati. Chaka chikatha amagawana zonse, ndipo asanayambenso amasankha komiti mwatsopano, aliyense akuponya kamwala kapena njere mobisa m'thumba la amene wamufuna. Palibe mbali ya dongosololi imene imadalira zoti msungichuma ndi mayi woopa Mulungu. Amene adalikonza ankadziwa kuti woopa Mulunguyo naye mwana wake amadwala usiku, bokosi lili kumutu kwa mphasa. Magulu ena amagwabe, makamaka amene adasiya kuwerengera poyera n'kulola anthu awiri atatu kuti azikongoza ndalama kunja ngati katapila, ndipo akagwa amagwera pa chifukwa chomwecho: ndalama idachoka pamaso pa eni ake.

Chotsutsa china n'chakale, ndipo chimachokera kwa akuluakulu aulemu wawo. Amati ife tili ndi mafumu, kuvota kumagawa anthu, ndipo kumutsitsa munthu wamkulu pampando ana akuona n'kumuvula. Mchinji ali ndi miyambo iwiri pa nkhaniyi. Kwa Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni ufumu umatsata kuchimuna. Kwa Achewa umatsata kuchikazi, ndipo amayi akuluakulu a mbumba ndiwo amakhala pansi n'kuloza woyenera kulowa dzina, kumulumpha wamkulu ngati ndi chidakwa kapena wamkamwa. Kusankha kotero si kwachilendo pakati pathu. Chachilendo ndi malire a nthawi, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Mfumu imasunga dziko ndi manda, zimene munthu sangasamuke nazo, ndipo anthu ake ngakhale akwiye amakhalabe anthu ake. Kalabu ilibe dziko. Membala akakhumudwa sapita kubwalo kukasuma, amangosiya kubwera, mnzake naye n'kusiya, gulu n'kutha popanda ndewu, popanda ngakhale tsiku loti anthu aloze kuti lidathera apa. Chisankho cha tsiku lodziwika chimampatsa wokhumudwayo chifukwa chodikirira. Chimatetezanso ulemu womwewo umene akuluakuluwo akuudera nkhawa. Amene nthawi yake yatha motsata malamulo amatsika akumuombera m'manja. Amene alibe tsiku lotsikira amachoka pokhapokha anzake atamuimba mlandu wa ndalama, monga zidamuchitikira Matinga. Ndipo pa ndalama ndi pomwe manyazi amatipweteka, ngakhale tonse tikudziwa kumene idafera mbewa ya manyazi. Lamulo lakuti msungichuma aziwerenga kope mokweza mwezi uliwonse limapulumutsa membala ku tsoka lokhala woyamba kufunsa.

Chotsutsa cholemera koposa chimachokera kwa othamanga eni ake. Iwo amati katswiri sapangidwa ndi komiti, amapangidwa ndi mphunzitsi mmodzi wouma mutu, ndipo umboni ali nawo. Ku Iten m'dziko la Kenya, Colm O'Connell adafika pa sukulu ya St Patrick's mu 1976 kudzaphunzitsa jogalafe, ndipo m'manja mwake mudadutsa akatswiri ngati David Rudisha, palibe adamuvotera. Kwathu kuno timagulu tambiri timayambanso choncho, ndi mphunzitsi wa pulayimale kapena msilikali wopuma amene amadzutsa ana mbandakucha, kuwagulira nsapato za pakaunjika ndi ndalama ya m'thumba mwake, n'kumawawerengera nthawi pa foni. Kumuuza munthu wotere kuti apikisane ndi mnyamata amene iye adamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato kumaoneka kusayamika. Yankho langa n'lakuti apa tikusakaniza ntchito ziwiri. Za kukwera chitunda kangati, za tsiku lopuma, za amene wakhwima kuti athamange makilomita 10, zimenezo n'za mphunzitsi ndipo sizifuna mavoti. Koma O'Connell adali ndi sukulu ndi chipani cha abulazala kumbuyo kwake, zosunga ndalama ndi kuyankha mafunso a makolo, pomwe mphunzitsi wa kwa Kapondo ali yekha. Kampani ikapereka majezi, mwana akapambana mphoto ku Lilongwe kapena pa mpikisano wa pa phiri la Mulanje, mtsikana wa zaka 15 akafunika kugona kutali ndi makolo ake usiku woti mawa athamanga, pamafunika anthu angapo odziwa chimene chikuchitika, ndipo pakati pawo pakhale mayi. Komiti yosankhidwa imateteza ana kwa mphunzitsi woipa, imatetezanso mphunzitsi wabwino ku miseche. Paja aphunzitsi amasamutsidwa. Kalata imodzi yochokera ku ofesi ya maphunziro ndi yokwanira kutseka kalabu imene mayina a mamembala ake, ngongole zake ndi manambala a othandiza ake zidali m'mutu mwa munthu mmodzi.

Pali vuto limene chisankho pachokha sichithetsa. Kudzipereka kumadya nthawi, mayunitsi ndi ndalama ya minibasi, choncho mipando imagwera amene ali pamalipiro kapena pageni: aphunzitsi, azaumoyo, ogwira ntchito kuchipata cha Mwami, ogula soya ndi mtedza. Othamanga enieniwo, ana a sukulu ndi anyamata a ganyu, amakhala kumbuyo n'kumaomba m'manja. Zidali chomwechonso m'mabungwe aja oyambira mu 1912, amene ankalankhulira mlimi pomwe mlimi wosapita kusukulu sankapezeka kawirikawiri pamsonkhano. Kavotedwe kathu kamaonjezera vutoli. Njira imene tidazolowera pa zisankho zachipulula za zipani, yoimika opikisana kutsogolo n'kuuza anthu kuti afole kumbuyo kwa amene akumufuna, ndi yachangu ndipo sifuna pepala, koma mtsikana amene fizi yake amalipira ndi wapampando sangakaime kumbuyo kwa munthu wina. Opikisanawo angatembenuke, angatsinzine, abale awo akupenya. Kamwala ka m'thumba ka amayi a banki mkhonde kamathetsa zimenezi popanda kugula kanthu. Chopereka cha pamwezi nacho chikhale chochepa choti wa ganyu akwanitse, koma chikhalepo, chifukwa amene waponya yake m'thumba amafunsa mafunso amene wolandira jezi yaulere safunsa. Ndipo kumubwezera mlembi ndalama imene wayendera pa ntchito ya kalabu, zitalembedwa m'kope, sikumuchotsera mtima wodzipereka. Kukana kumubwezera ndiko kumasiyira mipando ochita bwino okhaokha.

Amene akuonabe ngati zapatebulo sizikhudza liwiro akumbukire Yotham Muleya. Mu Disembala 1958, m'nthawi ya chitaganya, mnyamata uyu wa ku Northern Rhodesia adafuna kuthamanga mamailosi atatu ku Salisbury. Mmodzi wa akuluakulu a bungwe la masewerowa ku Southern Rhodesia adakana zoti munthu wakuda apikisane ndi azungu, koma anzake m'bungwemo sadamumvere. Muleya adathamanga wopanda nsapato, nasiya kumbuyo Gordon Pirie wa ku Britain, amene mu 1956 adali ndi liwiro loposa onse padziko pa mamita 5,000. Akadagonja pamsonkhano paja amene ankafuna kuti athamange, dzina lake bwenzi tisakulidziwa. Mpaka lero aliyense wopita kukaimira dziko, kuyambira Catherine Chikwakwa amene adathamanga ku Sydney mu 2000 ndi ku Athens mu 2004 kufikira Asimenye Simwaka ku Tokyo, dzina lake limadutsa m'manja mwa anthu osankhidwa, ndipo anthuwo amasankhidwa ndi nthumwi zochokera pansi. Nthumwizo zikagona, kumwamba kumavunda. Lamine Diack wa ku Senegal adatsogolera bungwe la masewero othamanga la dziko lonse kuyambira 1999 mpaka 2015, akusankhidwa mobwerezabwereza, ndipo mu 2020 khoti la ku Paris lidamupeza wolakwa pa ziphuphu zobisira othamanga a ku Russia ogwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa. Malire a zaka 12 pa mpando wa pulezidenti adawaika zinthu zitaonongeka kale. Kuno kwathu Walter Nyamilandu adatsogolera bungwe la mpira la FAM kuyambira 2004, ndipo pa 16 Disembala 2023 ku Mzuzu nthumwi 36 zidasankha Fleetwood Haiya ndi mavoti 23 kwa 13. Kaya munthu adakondwera nazo kapena ayi, mpira wa dziko lonse tsiku limenelo udali m'manja mwa anthu 36.

Masewero othamanga alibe ndalama za mpira, ndipo atolankhani sawalondola kwambiri, choncho kalabu yosachita chisankho sichedwa kusanduka kalabu ya m'chikwama: chidindo ndi pepala la dzina la kalabu zimene munthu mmodzi amayenda nazo, n'kumalankhula m'malo mwa ana amene sadamutume. Boma la Mchinji, la anthu oposa 600,000, lokwera mamita pafupifupi 1,200, la misewu yafumbi yoyalana bwino pakati pa minda, lili ndi zambiri zimene wothamanga mtunda wautali amafuna. Lilinso ndi opikisana nawo pafupi, achinyamata a ku Chipata olankhula chinenero chomwechi, ndipo kuyambira Disembala 2022 woloka malire pa Mwami amaima pamalo amodzi basi. Koma kalabu yofuna kuyendetsa mpikisano wotero iyenera kulembera apolisi za msewu, kupempha achipatala, ndi kulandira ndalama ya kampani yothandiza, imene nthawi zambiri safuna kuiponya pa nambala ya foni ya munthu. Amafuna akaunti ya gulu, ndipo kubanki, asanatsekule akauntiyo, amaitanitsa malamulo oyendetsera kalabu ndi zolemba za msonkhano umene udasankha osainira.